Maso Ouma a Telala wa ku Limbe

Mukadutsa pakhonde la sitolo ya nsalu ya mayi Jaitun ku Limbe, mudzapeza mzimayi wochepa thupi ali pa makina osokera, akupalasa pang'ono, kutsinzina, kupalasanso. Ameneyo ndi Gertrude. Kwawo ndi ku Nsanje, koma wakhala ku Chinyonga zaka zoposa makumi awiri. Osamudziwa amati ndi wamwano chifukwa amayankha munthu atatsinzina. Si mwano ayi. Maso ake amaotcha, ndipo amene anawabwezera pamoto ndi anthu oti ankadya m'nyumba mwake.

Vutoli linayamba Chisomo, mwana wake yekhayo, ali kumsana. Maso anangouma. M'mawa zikope zinkamatirira, masana kunkakhala ngati wina wamuwaza mchenga, ndiye onjezanipo fumbi la Limbe ndi utsi wa maminibasi. Anayesa mankhwala odonthezera, anayesa madzi ofunda, amayi akumpingo anamusanjika manja, koma misozi inatheratu. Mwamuna wake Mathias, makaniko pa galaja ina ku Ginnery Corner, ankamuseka kuti mu Chinyonga monse ndi mkazi yekhayo amene anyezi amamuopa.

Mu 2016 kunabwera madokotala a maso ochokera kunja pa chipatala china mumzindamu. Mathias anali kuntchito, choncho Gertrude anaperekezedwa ndi mlamu wake, a Felicia a ku Nancholi, mlongo wake wa Mathias. Dokotala anayankhula, namwino n'kumamasulira. Anati pakona pa diso, pafupi ndi mphuno, pali kabowo kotulukira misozi. Maso a Gertrude ankapanga timisozi tochepa kwambiri, tomwetonso n'kumathawira m'kabowoko. Ndiye akatseka timabowoto ndi tinthu tofewa ngati labala, timadzi tochepato tidzakhala m'diso, monga mmene munthu amatsekera kabowo ka ndowa. Nthawi yonseyo a Felicia anali pa benchi akudinadina foni. Anatolapo mawu awiri okha, kutseka ndi misozi, n'kuwaika m'thumba.

Miyezi isanu yotsatira inali yokoma. Gertrude ankalowetsa ulusi pa singano kamodzi n'kamodzi. Ankayenda mumsewu maso ali tong'o ngati anthu ena onse, osabisa nkhope mphepo ikawomba. Kenako tsiku lina Mathias anagwa kuntchito, magazi atathamanga, ndipo dzuwa lisanalowe anali atatisiya.

Pasiwa Gertrude analira mpaka mawu kusasa. Anagubuduka pansi, amayi atatu n'kumamugwira. Koma masaya ake anali ouma, poti tinthu tija tinkangosunga timadzi tochepa, sitinkapanga misozi. Tsono pamaliro pamakhala anthu ena amene sabwera kudzalira, amabwera kudzayang'ana nkhope ya namfedwa. A Felicia anayang'ana, n'kunong'oneza mnzawo wapambali.

"Ndinali pomwepo ine. Anachita kupita kukatseketsa misozi. Mkazi angatseketse misozi mwamuna ali moyo, ngati sakudziwapo kanthu?"

Nkhaniyo inakwera lole limodzi ndi bokosi kupita ku Nsanje, ndipo pobwerera inali itanenepa.

Patatha mwezi, Lamlungu masana, a Felicia anafika ku Chinyonga ndi a January, mkulu wake wa malemuyo. Anakhala pa mipando yomwe Mathias anagula, tiyi n'kumwa ndithu. Kenako a January anati Mathias analowola, choncho mwana ndi wa kwawo, ndipo mkazi wotseka misozi sangalere magazi awo. Achotse zimene anaikitsa m'masozo, apo ayi Chisomo apita kumudzi sukulu ikatsekera. Mwanayo anali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

"Alamu, buku la kuchipatala ili, werengani," anatero Gertrude.

"Zolemba za madokotala amawerenga ndani?" anayankha a January.

"Ndiye tiyeni limodzi mukafunse nokha."

"Tikafunsenso chiyani?" anatero a Felicia. "Ndinamva ndi makutu angawa."

Makutu ake amenewo, oti anali pa foni.

Mayi Jaitun atamva anamuuza kuti apite kukhoti, lamulo lili kumbali yake. Ankanena zoona. Koma Gertrude ankawadziwa anthu akwawo. Tsiku lina mwana akanangotengedwa pageti la sukulu ndi azakhali ake, n'kukwezedwa basi, mlandu n'kumazengedwa kuno iye ali kutsidya la Shire. Anali atataya kale mwamuna, ndipo analibe mtima wochita juga ndi mwana.

Anabwerera kuchipatala kuti akamuchotse tinthu tija. Namwino yemwe uja anamukalipira ngati mng'ono wake. Anati madokotala aja anapita, tinthu timeneti tinatha, akachotsa palibe tina toikapo. Anatinso kuchotsako sikubweretsa msozi ngakhale umodzi, kungobweretsa ululu.

"Ndikudziwa, asisita. Chotsani."

Kuchotsako sikunatenge ndi mphindi ziwiri zomwe. Gertrude anapempha kuti amupatse tinthuto, ndipo namwino, akupukusa mutu, anatiika m'kapulasitiki ka mapiritsi.

Lamlungu lotsatira alamu aja anabweranso. Tsiku limeneli tiyi kunalibe. Gertrude anaika sosala patebulo n'kukhuthulirapo tinthu tiwiri, kalikonse kochepa kuposa njere ya mpunga. A January anavala magalasi, kuwerama, kufufuza.

"Ndi timeneti basi?"

"Ndi timeneto. Ufiti wanga wonse ndi umenewo."

Mwina a January ankayembekezera chithumwa, kapena kanyanga. Koma a Felicia manyazi anawasiya m'mimba mwa amayi awo.

"Ndiye lirani tione, alamu."

Gertrude anaimirira. Maso anali atafiira kale ngati wawathira tsabola.

"Ndinalira Mathias mpaka kulavula magazi, inu muli kalikiliki kundiyang'ana masaya. Mchimwene wanu ankadziwa maso angawa. Ankandidonthezera mankhwala ndi manja ake a girisi m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, zaka khumi. Inu munali kuti? Mwati ndichotse, ndachotsa. Misozi yoti ndikuonetseni ndilibe, ndipo ikanakhalapo sindikanaitayira inu. Tengani tinthu tanuti mukationetse kumudzi. Mwana wanga sapita kulikonse."

A January anatenga chipewa chawo. Pakhomo ananena chapansipansi kuti mwanayo akhale, aphunzire. Kupepesa ndiye ayi, pakamwa pawo sipanatuluke mawu otero, ndipo mpaka lero sanatuluke.

Chisomo anakhaladi. Anamaliza Fomu 4 ali m'nyumba ya amayi ake, ndipo pano akuphunzira za uphunzitsi. Koma mchenga uja unabwerera m'maso sabata isanathe, ndipo chaka ndi chaka maso akunka nachita chifunga. Ntchito zosalala zinapita kwa matelala ena. Gertrude masiku ano amaika zigamba, kusintha mazipi, kupinda mayunifolomu. Akafunsidwa ngati anakhululuka, amati ayi, ndipo sanena monong'ona.

Mwezi wathawu a Felicia anatsika minibasi ku Limbe atanyamula jumbo. Anapereka moni wautali, n'kutulutsa nsalu yoyera yonyezimira ndi kabotolo ka mikanda. Mwana wawo akukwatiwa, ndiye anaona kuti si bwino kupita kwa telala wachilendo pomwe pachibale alipo.

Gertrude anaisisita nsaluyo ndi zala. Inali yabwino, yoti kale akanaisoka mpaka anthu kuiwala kuyang'ana mkwati.

"Mikanda iyi sindingaione, alamu. Maso."

"Akadakuvutanibe?" anatero a Felicia, modabwa zenizeni. "Nanga bwanji osapita kuchipatala akakuthandizeni?"

Gertrude anapinda nsaluyo bwinobwino, kona ndi kona, n'kuibwezera m'jumbo. Anaika jumboyo pansi, kunja kwa khonde, pafumbi. Kenako anakoka thalauza la munthu wina long'ambika pabondo, n'kuyamba kupalasa makina atatsinzina.