Ndevu za Merle Brandvold

Merle Brandvold anakalambira m'mafilimu, koma dzina lake ankalidziwa ndi mkazi wake ndi munthu wobweretsa makalata basi. Kuno ku Burbank, kumene amajambula mafilimu, anthu otere ndi ambiri. Iye ndi uja amapukuta matambula m'bala ena akuswana, kapena dokotala wotuluka m'chipinda n'kupukusa mutu. Kufa ankafa bwino, osaphethira. Anthu akakumana naye m'sitolo ankamuyang'anitsitsa n'kufunsa ngati si iye anawakonzera galimoto. Ankangovomera kuti nkhani ichepe.

Imvi zitatuluka, anamupatsa gawo lenileni: nkhalamba yokumba golide m'chipululu, yoyankhula ndithu, dzina lodzalembedwa poyambirira. Anamuuza kuti asunge ndevu. Filimu saijambula mwandondomeko. Munthu amagogoda pakhomo lero, m'nyumbamo adzalowa mwezi wamawa, ndipo nkhope iyenera kukhala yomweyo. Ukameta asanakuuze, amatenga wina.

Atajambula theka, mnyamata wotchuka wa m'filimuyo anagwa pa hatchi n'kuthyoka mwendo. Ntchito inaima. Merle anangouzidwa kuti adikire, ndevu asazikhudze.

Akudikira choncho, ukwati wa mwana wake Joanie unakwana.

"Adadi, simundiperekeza m'tchalitchi ndi tsache limeneli," anatero Joanie.

"Si langa, mwana wanga. Ndi la kampani."

"Ndiye kampaniyo ibwere idzandiperekeze."

Mkazi wake Dolores anali akusita suti. "Bambo a Joanie, zaka zonsezi mumafa nkhani isanayambe. Lero mwati mufere ndevu? Zithunzi za ukwati sajambula kawiri ngati kuntchito kwanuko."

"Ndaimba foni. Akuti mwendo sunapole."

M'mawa wa ukwatiwo Merle analowa m'bafa ndi lezala, sopo n'kupaka. Anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali. Akanameta, akanabwerera kukapukuta matambula mpaka imfa yeniyeni. Anasukusula, lezala n'kubwezera pamalo pake.

Mwanayo anamuperekeza ndi tsache lomwelo. Joanie anayenda maso ali kutsogolo, dzanja la bambo ake ataligwira ngati chitsulo cha m'basi. Kumadyerero, agogo ake a mkwati anamuyang'anitsitsa Merle n'kunena kuti munthu uyu sanamuonepo chibadwire. Aka kanali koyamba kuti munthu amuyang'anitsitse osamufanizira ndi wina. Joanie sanamuyankhule mpaka Khirisimasi.

Mwendo uja unapola, filimu inatha, Merle anameta. Itatuluka anagula matikiti atatu, ndipo Joanie anabwera chifukwa amayi ake anamukakamiza. Anapeza kuti filimuyo inatalika, ndiye za golide zonse anadula. Dzina panalibe. Merle anaoneka kamodzi, atafulatira, akumangirira bulu pamtengo.

Filimu itatha, atatuwo anaima panja.

"Nkhongo yanu yasewera bwino, adadi," anatero Joanie.

"Mfundo ija ndinamanga ndekha," anatero Merle. "Bulu sanathawe."

Joanie anaseka mpaka kutsamira galimoto ya eni ake. Dolores sanaseke. Anafunsa ngati tsopano angapite kukadya.

Lolemba lotsatira Merle anali dokotala, anapukusa mutu monga mwa nthawi zonse. Ndevu zija zinaoneka pa chithunzi chimodzi chokha, cha ukwati, chimene chili pakhoma kwa Joanie. Pansi pake Joanie analembapo dzina lonse la bambo ake, ndi zilembo zikuluzikulu. Merle akapita kukacheza amakhala pampando woyang'ana chithunzicho, ngakhale amati n'chifukwa cha msana.