Tiyirumu Yopanda Tiyi

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anachotsedwa ntchito ku fakitale, amayi n'kuganiza zotsegula tiyirumu. Nzeru yake inali yabwino ndithu. Nyumba yathu inali m'mbali mwa msewu wotsikira ku sikelo, kumene othyola tiyi ankakapimitsa masamba, ndipo m'mawa uliwonse ankadutsa pakhomo pathu m'chigulu, madengu kumsana, zala zitauma ndi kuzizira. Munthu wotere sachita kunyengereredwa kuti amwe chotentha. Vuto linali limodzi. Ife ndife a Sabata, ndipo kwathu tiyi samwedwa. Amayi anakulira pa mishoni, anali mtsogoleri wa amayi a Dorika, ndipo tsamba la tiyi ankaliona ngati msuweni wake wa fodya.

Choncho tiyirumu inatsegulidwa, koma yopanda tiyi. Amayi ankakazinga soya mpaka ade bii, n'kusinja, n'kuwiritsa mumphika waukulu. Pambali pankakhala chigumu cha nthochi chotentha. Tsiku loyamba benchi inadzaza. M'mawa mwake anthu omwewo ankangotiponyera moni ali chiyendere, maso ali kutsogolo. Soya wotsalayo tinkamwa ndife ana, m'mawa ndi madzulo, moti mpaka lero sindifuna n'kumuona komwe.

"Amake Esinati," anatero bambo tsiku lina ali pakhonde, "anthuwa amagona m'tiyi, amadzuka m'tiyi. Inu mukufuna muwatembenuze mtima ndi kapu imodzi?"

Amayi anapitiriza kukazinga soya wawo. Koma thumba la ufa linkapita likufota, ndipo tonse tinkaliona.

Amene anatipulumutsa anali a Namonde, mayi wothyola tiyi, wa Chikatolika, wamawu aakulu omveka Chilomwe. Kunali chiperoni m'mawa umenewo, minda yonse itabisala m'nkhungu. Analowa atanyowa, n'kutula dengu pakhomo.

"Amayi, soya wanuyo msungireni mpingo. Ine mungondipatsa madzi owira ndi shuga basi. Zinazo ndabwera nazo ndekha."

Anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje, n'kuwaza timasamba takuda m'kapu. Amayi anayang'ana kudenga ngati akufufuza podontha. A Namonde anamwa, anadya chigumu, analipira, n'kunyamula dengu lawo thukuta lili pamphuno.

Sabata isanathe nkhani inali itafika m'makompaundi onse. Anthu ankabwera ndi masamba awo m'timapepala, m'mabokosi a machesi, wina mpaka m'chipewa. Bambo, omwe ankaseka aja, ndi amene anakhoma benchi yachiwiri ndi yachitatu. Amayi anaika malamulo awo: aliyense azitakasa yekha, makapu a makasitomala azitsukidwa m'beseni lawolawo, ndipo Lachisanu dzuwa likangopendeka moto uzizimitsidwa. Ufa unabwerera m'nyumba, ine n'kuvala nsapato koyamba.

Koma nkhani yabwino siichedwa kufika kutchalitchi. Tsiku lina tinangoona a Matekenya, mkulu wa mpingo, atsamiritsa njinga yawo pamtengo wa peyala. Analowa, anayang'ana makapu onse imodziimodzi, n'kukonza tayi.

"Mukugulitsa chiyani muno, amayi?"

"Madzi, abambo."

"Madzi ofiira chonchi?"

"Pochoka m'manja mwanga amakhala oyera."

A Matekenya anaitanitsa kapu ya madzi omwewo, opanda kanthu, nakhala pakati pa othyola tiyi. A Namonde, mwadala, ankapsontha tiyi wawo mokweza, kwinaku akufunsa mwaulemu ngati abambo angafune kowonjezera kukoma. Ine ndinathawira kuseri kukaseka. Sindinkadziwa kuti nkhaniyi inali isanathe.

Akulu a mpingo anakhala pansi, anafufuza, ndipo lamulo loletsa kugulitsa madzi sanalipeze. Koma anati mtsogoleri wa Dorika ayenera kukhala chitsanzo. Amayi asankhe: atseke tiyirumu, kapena atule udindo. Tsiku limenelo amayi atabwera kunyumba, ndinawapeza kuseri kwa khitchini akupukuta misozi ndi duku. Ndinamva kuwawa kwambiri, chifukwa udindo umenewo ankaukonda kuposa chovala chilichonse chimene anali nacho. M'mawa mwake anadzuka, anasonkha moto, n'kutereka madzi monga mwa masiku onse. Sabata lotsatira, atatula udindo, anakakhala pabenchi yakumbuyo m'tchalitchi, ndipo anaimba mokweza moti akutsogolo ankachita kucheuka.

Lero ndili ndi golosale yanga ku Bvumbwe, ndipo nthawi zina amatiitana ku maphunziro a bizinesi. Anyamata ovala bwino amatiuza kuti tizimvera zofuna za kasitomala, tiziyamba ndi zimene tili nazo, tisamaope kusintha. Ndimavomera ndi mutu, chifukwa n'zoona. Chimene sanena n'chakuti kasitomala ukamumvera, pali ena amene umawakwiyitsa, ndipo kawirikawiri amakhala anthu ako omwe. Zinthu nazo zinasintha. Masiku ano ku misonkhano ya misasa achinyamata amabwera ndi mafulasiki, ndipo palibe mkulu amene amatsegula kuti aone zili m'katimo.

Amayi akalamba tsopano, tiyirumu anaisiyira mlamu wanga. Ulendo wapitawu ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati pa zaka zonsezo sanalaweko ngakhale kadontho.

"Pakamwa panga sanafikepo, mwanangu," anatero. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Koma ukuganiza kuti makapu aja ndinkakana kuti munditsukire chifukwa chiyani? Lamulo la mphuno panalibetu."