Gwape wa Agogo ku Germantown

Mvula ikagwera pa masamba oyoyoka, fungo lake limandibwezera ku Germantown, ku America, m'chaka cha 1996, ndili kamtsikana, ndikutsatira jekete lalikulu la agogo anga aamuna, a Chisale, m'katchire ka kuseri kwa nyumba yathu. Jeketelo anawapatsa kutchalitchi, ndipo linkanunkha mankhwala akuchipatala. Ankayenda pang'onopang'ono, kamera ikulendewera m'khosi, akupuma ngati munthu wosenza thumba la chimanga.

Kwawo ku Kasungu anali mlenje. Kuno anabwera chifukwa cha matenda a impso. Amayi anga, amene ankasamalira nkhalamba ku Gaithersburg, akaweruka ankawaperekeza ku makina otsuka magazi, maso ali psuu ndi tulo, kenako n'kubwereranso kuntchito. M'nyumba mwathu aliyense anali wotopa. Ngakhale mphamvu zokanganira tinalibe.

Agogo aakazi, aNaphiri, anatsala kumudzi chifukwa mapepala awo sanatuluke. Kamodzi pamwezi ankakwera basi kupita paboma kukadikira foni yathu kwa wachibale. Wachibaleyo ndi amene anatiuza kuti asiya kudya, akuti mwamuna wawo akufera kutali ndipo ife tikuwabisira.

"Akufa ndani?" anakuwa agogo pafoni. "Ine tsiku lililonse ndili m'tchire, ndikulondola agwape!"

"Bodza limenelo, a Chisale." Mawu a aNaphiri ankamveka mpaka pamene ndinakhala ine. "Kuno munachoka akuchita kukunyamulani. Gwape mungamuyandikire inu?"

"Ndikutumizirani chithunzi. Mukachiona mudye."

Apa ndiye panayambira ntchito. Ku Germantown gwape si nkhani. Ankabwera okha kudzadya maluwa pakhonde. Ine ndinawauza m'Chingerezi changacho kuti angojambula pawindo, basi. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Iwe Tadala, kwathu gwape akalowa pamudzi ndi malodza. Agogo ako akaona gwape ataima pakhomo panga, ayamba kulira maliro tsiku lomwelo."

Choncho chithunzicho chinayenera kukhala cha tchire lokhalokha, popanda denga, popanda galimoto, popanda waya wamagetsi. Koma abale, tchire lake liti? Kanali kamzere chabe ka mitengo pakati pa nyumba zathu ndi msewu waukulu, ukaimirira pakati n'kumamva wailesi ya eni ake mbali zonse ziwiri.

Kamera anabwereka kwa a Tembo, aneba athu a ku Lusaka, amene anaseka mpaka kugwira chitseko. "Ba mudala, muzavutika chabe. Izi ni mbuzi za boma, sizithawa munthu!"

Agogo sanamve zimenezo. Masiku amene sankapita kumakina, ndikangoweruka kusukulu, ankandipatsa kampando kopinda kuti ndinyamule. Iwo ankatenga kabotolo ka mankhwala kotha, m'mene anathiramo ufa chifukwa phulusa m'nyumba yamagetsi silipezeka. Ankatsina ufawo, kuutaya m'mwamba, kuona kumene mphepo yalowera, kenako n'kuyamba kunyang'ama chowerama, mawondo akulira, mapazi otupa akukhwekhwereza masamba. Agwapewo ankangotiyang'ana uku akutafuna. Ndinkachita manyazi anzanga akatiwona, ndipo kuziziraku ndinkadana nako ndi mtima wonse.

Zithunzi zikabwera kuchokera kotsukitsa, ankaziyala patebulo ngati akusankha nyemba. Apa gwape, kumbuyo kwake denga. Apa gwape, kumbuyo kwake basi yachikasu ya sukulu. Ankazibweza mu envelopu. Masamba akamayoyoka, nyumba zinkaonekera kwambiri, ndiye filimu iliyonse inkaposa inzake kuipa.

"Bambo, mudzagwera m'tchiremo," anatero amayi tsiku lina, akuvula nsapato zantchito. "Ine mphamvu zokunyamulani ndilibe."

"Nanga amayi ako afe ndi njala?"

Amayi anagona pampando pomwepo.

Kumapeto kwa Novembala anapeza malo: kakhwawa kamene mtunda wake unkabisa nyumba zonse. Kutsika kwake anatsika chokhala, akukhwekhwereza matako pamatope. Tinadikira mpaka zala zanga zakumapazi zinachita dzanzi. Kenako gwape wamphongo, wanyanga zanthambi, anabwera kudzamwa, n'kudzutsa mutu, n'kutiyang'ana mwachifatse. Agogo anatsamiritsa kamera pabondo. Inalira kamodzi.

Kukwera kunawakanika. Ndinathamanga kukaitana a Tembo, amene anawabereka kumsana mpaka kunyumba. Tsiku limenelo a Tembo sanaseke.

Chithunzicho chinatuluka bwino, mitengo ndi madzi ndi gwape basi. Chinapita ndi mayi wina wakutchalitchi amene ankakadyera Khirisimasi kumudzi. Mu Januwale foni inalira, ndipo tinamva aNaphiri akuseka.

"Ndiye kuti miyendo yabwerera, a Chisale?"

"Yabwerera."

"Chabwino. Lero ndapha nkhuku."

Agogo anaika foni pansi. "Tadala," anatero, "tandivula nsapatozi." Anamwalira mitengo isanaphukenso.

Ndinakafika ku Kasungu nditakula kale. Ndinapeza aNaphiri ali nkhalamba yeniyeni, chithunzicho chili pakhoma, chitafiira ndi fumbi. Ndinkasamala lilime langa kuti ndisaulule kanthu. Iwo anandiona ndikuchiyang'ana.

"Unalipo iwe?" anafunsa.

"Eya, agogo. Anamulondola okha."

Anaseka pang'ono. "Mwana iwe, ine ndakalambira m'nyumba ya mlenje. Gwape wam'tchire saima n'kumayang'ana munthu chonchi. Ameneyu ndi wozolowera anthu. Nditangochiona ndinadziwa kuti sabwera."

"Nanga bwanji munaseka pafoni?"

"Munthu wodwala wavutika chonsecho kuti ine ndidye. Ndikanatani? Ndinadya."

Lero ndimagwira ntchito ngati ya amayi, ndipo ndimaweruka wotopa ngati iwo. Odwala anga akandipempha kuti ndiwapese tsitsi ndi kuwakhazika mowongoka asanalankhule ndi akwawo pafoni ya kanema, sindiwauza kuti achibalewo aona ndithu. Ndimawapesa, ndimawaikira pilo kumsana, ndipo ndimatuluka kuti anamizane bwinobwino.