Amake Joan

Mayi Consolata tinayandikana nawo nyumba ku Armadale, kunja kuno mumzinda wa Perth. Amasamalira okalamba ku Midland, ndipo pakamwa pawo sipapuma ngakhale akudya. Mwana ali naye mmodzi yekha, amene tonse tinkamudziwa kuti Norman.

Mwanayo atakula anauza mayi ake kuti mumtima mwake ndi mkazi, ndipo dzina lake ndi Joan. Mayiwo anakalipa mpaka galu wa pakhomo lina anakabisala pansi pa galimoto. Joan anasamukira ku Cannington, kulankhulana kunathera pomwepo. Ine ndinawamvera chisoni onse awiri, chifukwa kuno alibe wachibale wina.

Joan ankapita kwa mlangizi wa zamaganizo, mzungu wotchedwa Debbie, amene anapempha kuti mayiwo azibweranso. Anapitadi, koma ngati akukacheza kwa apongozi, atavala chitenje, mandasi ali m'manja. Debbie akafunsa mmene akumvera, iwo ankati bondo ndilo likuvuta. Kenaka ankamupanikiza Debbie chifukwa chake sanakwatiwe, mpaka kumulonjeza msuweni wawo wa ku Dedza.

Debbie sanatope nawo. Tsiku lina anawafunsa chimene chinkawaopsa kwenikweni.

“Chemwali, inu simungadziwe,” anatero mayiwo. “Kwathu mayi amaitanidwa ndi dzina la mwana. Ine za Consolata ndinazisiya kalekale, ndine amake Norman. Ndiye Norman akachoka, ine ndikhala ndani?”

Joan, amene anali pomwepo, anayankha m'Chichewa chake chokhotakhota. “Amayi, ine sindinachoke. Inu ndi amene simuimba foni.”

Zonsezi mayiwo anandiuza okha.

Lamulungu lotsatira Joan anawaperekeza kutchalitchi, koma anatsalira m'galimoto poopa maso a anthu. Titatuluka, Mayi Betty, amene nkhani zonse za Amalawi a ku Perth zimadzera pakamwa pawo, anaitana amake Norman. Mayi Consolata anangoyenda ngati sanamve. Anaitanidwanso, anthu mpaka kuganiza kuti makutu afa.

Kenaka anatembenuka. “Ngati mukufuna ine, nenani kuti amake Joan.”

Anthu anangoti kukamwa yasa. Mayiwo anapita kukagogoda pawindo la galimoto.

“Iwe Joan, tsika upereke moni kwa akuluakulu. Nanga siketiyi unasita? Mtsikana wanji wotere? Usandichititse manyazi.”

Joan anatsika misozi ili mbwembwembwe, akuwongola siketiyo ndi manja.