Dzina Limene Ndinadula ndi Cholembera Chofiira

Chaka chimene anandipatsa achinyamata a patchalitchi chathu chaching'ono, kuseri kwa Fonte Boa, ndinali ndi kabuku kamodzi ka malangizo ka m'Chipwitikizi, kaundula wa mayina, ndi mtima wapachala. Kabukuko kankati maphunziro a Ulimbitso azichitika Loweruka lililonse, ndipo wojomba katatu achotsedwe. Ndisabise, lamulo limenelo ndinkalikonda kuposa anawo.

Amene analemba kabukuko sanakumbepo kachewere. Kwathu kuno nyengo yokumba ikafika, Loweruka anthu amakhala kumunda, ena ali panjinga ndi matumba kulowera kumsika wa ku Kalomwe. Ine ndinkakhala m'tchalitchi ndi mabenchi, kumalalatira ochepa amene abwera chifukwa cha ambiri amene sanabwere.

Panali mtsikana wina wamtali, wa mawu abwino m'kwaya, amene anajomba kachitatu kutatsala mwezi kuti Ambuye Episkopi abwere. Akabwera chaka chino, kubweranso kwawo kumatenga zaka. Ndinadula dzina lake ndi cholembera chofiira, ndipo Lamulungu ndinamuuza pakhomo, anzake akumva. Anangoti wamva, n'kuchoka atazolika.

Mkazi wanga sanandinyengerere. "Mwamudula, eya. Nanga kwawo mwafikako?"

Loweruka m'mawa ndinakwera njinga, ndili ndi mawu okonzeka oti ndikakalipire makolo ake. Ndinamupeza yekhayekha m'munda waukulu ndithu, khasu m'manja. Amayi ake anali atakhala pansi pa mpichesi, mwendo utatupa ngati mtondo, ndipo anandiuza kuti bambo a mwanayo anapita ku Tete kalekale osabwereranso. Kachewere anali atayamba kale kudyedwa ndi tizilombo m'nthaka.

Ndinangomufunsa mtsikanayo mphatso za Mzimu Woyera. Anazitchula zonse zisanu ndi ziwiri osasiya kukumba. Anati Loweruka lililonse madzulo ankadikira mnzake pamjigo kuti amuuze zimene taphunzira. Manyazi anandigwira.

Sabata yotsatira ndinauza gulu lonse kuti phunziro lili kumunda wa mtsikana uja, aliyense abwere ndi khasu, monga akuluakulu amachitira dima. Mkazi wanga anaphika thobwa. Anabwera ngakhale aja ndinali nditaiwala nkhope zawo! Ndinkayenda m'mizere ndikufunsa mafunso, ndipo anyamata amene m'tchalitchi ankakhala duu anayamba kulimbirana kuyankha, ena zabodza zokhazokha, koma mokweza. Dzuwa lisanapendeke munda unali utatha. Akuluampingo ena anadandaula kuti zopatulika ndazitengera kumatope, koma abambo mfumu a parishi atamva anangofunsa kuti munda wotsatira ndi wa ndani.

Mzere wofiira sufufutika, choncho dzina lake ndinalilembanso pansi pa tsamba. Tsiku la Ulimbitso amayi ake tinawabweretsa panjinga, ndipo analira Misa yonse.

Masiku ano mawondo sandilolanso kukwera zitunda, ndipo achinyamata akuwatsogolera ndi mtsikana yemwe uja, ali ndi mwana kumsana. Pomusiyira ntchito ndinamupatsa kabuku, kaundula ndi cholembera chija. Anatsegula kaundulayo, napeza tsamba lake, nayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandibwezera cholemberacho ndi manja awiri.

"Kaneta iyi sungani, akatekista," anatero akumwetulira. "Ingondibwerekani njinga."