Mizu ya a Bherulal Kunsi kwa Bedi

A Bherulal, oyandikana nane nyumba kuno ku Manasa, akhala akusankha mizu yamankhwala ya asgandh pamsika kwa zaka makumi atatu. Ntchito yawo ndi ya mphuno. Amathyola muzu, kuona ngati mkati mwayera ngati ufa, n'kuununkhiza. Ukamveka mkodzo wa hatchi, amamwetulira. Akuti asing'anga akale sanalakwitse poutcha m'Chisanskriti kuti ashwagandha, kutanthauza fungo la hatchi. Ife tanthauzolo limatipeza lokha m'basi, bamboyu akakweza mkono kuti agwire chitsulo.

Chaka chino kunabwera banja la ku Ratlam kudzaona mbeta, Lalita mwana wa a Bherulal, amene mabanja awiri anali atamukana kale. Mayi ake, a Sampat, anakolopa nyumba masiku atatu, kufukiza lubani, n'kuwasambitsa amuna awo ndi sopo wochapira. Koma m'mawa wa tsikulo kunachita mitambo. Muzu wongokumba kumene ukanyowa umada, ndiye a Bherulal anakokolola mwakachetechete mizu yonse imene anayanika padenga, n'kuilonga kunsi kwa bedi la zingwe pabalaza.

Alendo anakhala pabedi lomwelo. Ine ndinali pambali, woitanidwa kuti banja lioneke la anthu. Fungo linakwera pang'onopang'ono, lofunda, lonyowa, n'kukakamira kukhosi. Lubani anagonja. Pamene Lalita ankalowa ndi tiyi, mayi a mnyamata anali atatseka kale mphuno ndi nsonga ya nsalu yawo ya sari.

"Pepani bambo," anatero mayiwo, "khola lanu lili kuseri kwa khomali?"

Nkhope ya a Bherulal inawala.

"Bambo a Lalita, tiyi akuzizira," a Sampat anayesa kuwadula.

Anachedwa nazo. Munthu wamkulu anagwada, kupisa dzanja pakati pa miyendo ya alendo, n'kusolola muzu wamatope. Thyo! pamphuno pa mayi aja.

"Nunkhizani, apongozi! Hatchi yeniyeni, yamphongo! Mnyamata wanuyu ndikumuona ngowonda ngati bango. Miyezi iwiri yokha, ufa umenewu mumkaka, mudzandiuza."

Mayiwo anathamangira panja, ndipo zimene tinamva kumeneko sindilemba.

Kwathu kuno mlendo akavomera mbeta amaluma chotsekemera asananyamuke. Mbale ya laddu inatsala yodzaza. Ine ndinatolako mmodzi kuti asawonongeke, koma ndinakalavulira m'ngalande. Naye anali atasanduka hatchi.

Patatha masiku atatu uthenga unafika: nyenyezi zimene anawo anabadwira akuti sizikugwirizana. Lalita anadzitsekera kuchipinda. A Bherulal anangoti, "Anthu opanda mphuno, bola apita."

Mwezi wamawa kukubwera banja lina, la ku Mandsaur. A Sampat alamula kuti muzu usaonekenso m'nyumba mwawo mpaka Lalita atakwatiwa. Dzulo anagogoda kwathu, ngolo ili kumbuyo.

"Alamu, si inu mumakonda kukhalapo pa zathu? Sungani."

Matumba asanu ndi anayi a mizu. Akazi anga apita kwawo.