Madzi a Pakamwa pa Aphunzitsi

Khonsolo yalengeza kuti ozimitsa moto atsopano aziphunzitsidwa ndi zipangizo zamakono. Aphunzitsi awo ndi bambo wina waimvi, amene saona kusowa kwa madzi ngati chifukwa choimitsira phunziro. Anyamata amathamanga ndi paipi youma, iwo akulira "shwaaa" ndi pakamwa mpaka mpweya uwathere.

Tsiku la mayeso olowera ntchito, mnyamata wina anadutsa kutsogolo kwa paipiyo.

"Walephera, mphwanga," anatero aphunzitsi. "Wanyoweratu. Pita ukasinthe."

"Koma bambo, zovala zangatu n'zouma."

"Ndiye ukutsutsana ndi madzi?"

Mnyamatayo anapita kukasintha, ndipo mayeso adzabwereza chaka chamawa. Galimoto ya madzi ikuthirirabe maluwa ku ofesi ya khonsolo.